Chiliza Chanu Sindichiwongola

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kumacha ndi kuda ngati kuno, kapena funso langali mukungoliseka? Ndine Yotamu. Ndikulemba ndili pakhonde panu pompano ku Zemba, nditakhala pa kampando kaja ka mwendo umodzi waufupi, kamene munkakana kuti tikakonze. Lero ndi Lachisanu. Mawa tikuvundukula chiliza chanu, ndipo pali nkhani imene ndikufuna muimve kwa ine mwini wake, anthu asanaithire mchere.

Ndiyambe ndi zabwino. Mlongo wanga Misozi anachira m'mwezi wa Meyi ku kiliniki ya ku boma, mwana wamkazi wonenepa, wa masaya ngati anu. Anamupatsa dzina lanu, ndiye pakhomo pano palibe amalitchula, tonse timangoti amayi. Tsiku limene ndinafika ndinagwada n'kupereka moni, ndipo amayiwo anandilandira pondikodzera pa thalauza. Chimanga chinachita bwino m'munda wa kumtunda, nkhokwe yanu yadzaza mpaka m'khosi. Nshawa nazo zinabereka, koma thonje linadyedwa ndi mbozi, alamu anga, amuna a Misozi, angotsala ndi madandaulo. Mjigo wafanso, azimayi abwerera ku chitsime cha kudambo. Mbuzi yanu yamawanga ija yakalamba, mano atha, koma ikubabe ndiwo m'madimba mwa anthu ndipo milandu yake ikutipeza ife.

Ino ndi nyengo ija ya utsi, anthu atatentha tchire. Mapiri a kumalire saoneka bwino, amangokhala ngati akuyandama, ndipo dzuwa limalowa lofiira moti mutha kuliyang'ana osaphethira. Mango achita maluwa ochuluka chaka chino, fungo lake limandigoneka masana. Ndikatsamira khoma n'kutseka maso ndimamva ngati mwangozungulira kuseri kukatenga nkhuni, ndipo ndimadikira. Ndakusowani, amayi. Zaka ziwiri zapita koma kusowako sikunachepe, kwangophunzira kukhala chete pagulu.

Ntchito yanga ikadali yomwe ija ya kuphiri, kudziko la eni kummwera, kumene kulibe mtengo ndi umodzi womwe, nkhosa zokhazokha ndi mphepo yolowa m'mafupa. Ndinayesa kangapo kukufotokozerani pa foni, koma netiweki inkadula ndisanafike pakati. Pepala silidula, ndiye lero mundilole ndimalize, chifukwa nkhani ya chiliza simungaimvetse popanda iyi.

Makina athu oonera nyenyezi ali ndi galasi lalikulu kuposa bwalo la pakhomo panu. Galasi lotere silingapangidwe lathunthu, lingasweke ndi kulemera kwake komwe. Choncho analipanga zidutswazidutswa, chilichonse cha ngodya zisanu ndi imodzi, n'kuziyala moyandikana ngati chisa cha njuchi, pakati pali polowa. Pansi pa chidutswa chilichonse pali timamota titatu tokankha pang'onopang'ono. Masana zitsulo zogwira galasi zimatentha, madzulo zimazizira, ndipo zidutswa zija zimasuntha. Kusuntha kwake simungakuone ndi maso, n'kochepa kuposa tsitsi limodzi mutaling'amba kambirimbiri, koma n'kokwanira kuti nyenyezi imodzi ioneke ngati khumi.

Ndiye dzuwa likapendeka, akatswiri a nyenyezi asanayambe ntchito yawo, ine ndimayamba yanga. Timatembenuzira galasi ku nsanja yayitali imene ili pambali pake. Pamwamba pa nsanjayo timayatsa kanyali, ndipo chidutswa chilichonse chimabweza kadontho kake ka kuwala. Pa kompyuta timadonthoto timaoneka titabalalika, kena uku kena uko. Ndikafuna kudziwa mwini kadontho, ndimagwedeza chidutswa chimodzi n'kuona kadontho kamene kanjenjemera. Ndimayeza kuti kasochera motani, ndimalamula timamota, kadontho kamayamba ulendo, mpaka tonse titaunjikana pamalo amodzi n'kukhala kadontho kamodzi kowala. Tsiku lina netiweki itatichitira chifundo ndinafika apa pofotokoza, inu munaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti, “Ndiye sukulu yonse ija unkaphunzira kulowetsa nkhuku m'khola madzulo?” Ndinawauza anzanga a kuntchito, ndipo mpaka lero nthawi ikakwana amati tiyeni tikalowetse nkhuku za amake Yotamu.

Timadontho tikangokumana pamakhala kamphindi kachete kamene ndimakakonda. Denga limatseguka, thambo limatsikira m'galasi lonse lili lobiriwira, nyenyezi yoyamba isanatuluke. Chimwalirireni inu, pa kamphindi kameneko ndimakuonani mukudutsa pagalasipo mutasenza ndowa, mukuponda chidutswa ndi chidutswa mosafulumira, madzi osatayika, ndipo pa kompyuta palibe kadontho kamene kamagwedezeka. Sindinauzepo munthu, angandipatse tchuthi cha odwala.

Mukudziwa kuti pamaliro anu sindinalipo. Mmene ndege ndi mabasi zinkandifikitsa ku Chipata n'kuti mutagona kale masiku awiri. Ndinapeza mtumbira wokutidwa ndi nkhata zofota, ndinalira, ndinabwerera kuphiri. Chiliza ndiye chinatsalira Zakeyo, mwana wanu wachitatu, mmisiri wa pakhomo pano. Njerwa anaumba yekha, mchenga anatuta yekha pa ngolo kuchokera kumtsinje, ndipo Misozi akuti masiku onse amene ankamanga sankalola munthu kumuthandiza ngakhale kukanda simenti. Zonsezi ndinazimva, koma zinangolowa khutu ili n'kutulukira linali.

Lolemba tinapita kukachiona, ine, Zakeyo, alamu anga ndi akulu a mpingo awiri, popeza sabata ino chilolezo cholowa kumanda tili nacho. Amayi, n'chokongola. Wachisalaza ngati mbale, wachipaka laimu, kumutu waika mtanda waung'ono. Koma ine maso anga sanaime pa kukongolako. Pafupi nanu pali chiliza cha amalume, chija anamanga amisiri a ku boma, ndipo mzere wonse wa ziliza zatsopano umatsata chimenecho. Chanu chokha chinapatuka. Kumutu munayandikana nawo amalume, kumiyendo munawathawa. Ndinatulutsa tepi m'thumba, inde ndimayenda nayo ngakhale ku tchalitchi, ndinayeza kawiri, ndipo ndinapeza kuti mwapatuka chikhatho ndi theka.

Munkakonda kundiuza kuti, “Iwe Yotamu, maso ako amafika msanga, mtima umabwera m'mbuyo pa ngolo.” Tsiku limenelo ngoloyo inali isananyamuke n'komwe. Ndinamufunsa Zakeyo pamaso pa anthu onsewo ngati levulo yowongolera khoma ndi chingwe anaziiwala kumowa. Iye anayankha mofatsa kuti, “Akulu, ine ndinatsata mtumbira mmene unagonera. Mukufuna simenti ikhale kwina, amayi kwina?” Ndinati ngati adzukulu anakumba mokhota, mmisiri weniweni akanawongola pamwamba, chifukwa alendo a Loweruka adzaona pamwamba osati pansi. Mawu amenewo ndi anga, amayi, sindingawakane. Ndinawonjezanso kuti pano woyamba kubadwa ndine, mwini mbumba ndine, ndipo chilizachi chiphwanyidwe, chimangidwenso Loweruka lisanafike.

Zakeyo sanakweze mawu. Anapita pamene anasiya zida zake, anatenga hamala yaikulu, anaigoneka pa mapazi anga. Anati, “Phwanyani nokha. Anga manja sangamenye pamene pagona amayi.” Madzulo omwewo anakwera njinga kupita ku Zingalume kwawo kwa mkazi wake, atamuuza Misozi kuti Loweruka tisamudikire. Misozi anandiikira madzi osamba osandiyang'ana, ndipo ine ndinagona ndikudziuza kuti choonadi chimawawa koma tepi sinama.

Lachiwiri m'mawa ndinapita ndekha. Ndinanyamula hamala ija, zikhomo, ndi chingwe chanu chobzalira thonje, chija munafinyirapo zitsekerero za mabotolo kuti mapando azitalikirana mofanana. Ndinagwada kaye n'kukupepesani kuti ndikusokosani pang'ono. Kenako ndinakweza hamala n'kumenya pa ngodya ya kumiyendo. Kamodzi. Chibenthu chonga phale chinagwa, njerwa yofiira inaonekera, ndipo phokoso lake linayenda m'mitengo yonse ya kumanda mpaka nyenje zinasiya kulira. Ndinagoneka hamala pansi. Kuti ndisavomere kuti ndachita mantha, ndinadziuza kuti ndiyambe ndakoka mzere watsopano, kuphwanya kubwere pambuyo.

Apa ndi pamene ntchito ya nkhuku ija inandigwira dzanja. Kuphiri tili ndi lamulo lakuti usaweruze chidutswa pochiyerekeza ndi chinzake chimodzi chokha, mwina chokhota ndi chinzakecho. Ndiye ndinati ndisadalire amalume okha, ndione ndi ena. Ndinapita pa mtumbira wa agogo, amayi anu, uja wozunguliridwa ndi miyala. Nawonso unali wokhota, koma kukhotera mbali ina. Ndinapita kwa amayi aakulu, mkulu wanu, kumapeto kwa mzere. Wokhotanso, kuposa nonse. Manda a amuna onse anali mu mzere ngati asilikali. Okhota munali inu atatu.

Ndinakhala pansi pa mtengo wa muwanga n'kumaganiza. Munthu wa dzanja lonjenjemera amalakwitsa mosasankha, lero uku mawa uko. Koma apa wa kumanzere anakhotera kumanja, wa kumanja anakhotera kumanzere, ndipo wakutali ndiye anakhota kwambiri. Zimenezi ndimaziona tsiku lililonse. Pagalasi lathu palibe zidutswa ziwiri zoyang'ana mofanana, chilichonse n'chopendekera mwakemwake, za m'mphepete ndiye kwambiri. Mutaziyala zonse mofanana ngati simenti ya pansi, simungaone nyenyezi ndi imodzi yomwe. Kuwongoka kwake n'kwakuti zonse ziyang'ane malo amodzi. Ine ndimadya za ntchito imeneyi zaka zonsezi, koma pamanda a amayi anga ndinabwera ndi nzeru za woyala matailosi.

Ndinakhoma chikhomo kumutu kwanu, ndinadutsitsa chingwe pakati pa chiliza mpaka kumiyendo, n'kupitiriza nacho, chifukwa munthu wogona chagada akadzutsa mutu amaona kumene kwaloza mapazi ake. Chingwe chinanditulutsa m'mitengo ya kumanda, chinanditsitsira cha kudambo. Ndinalemba mzere pansi ndi kamtengo, ndinabwerera, ndinachita chimodzimodzi kwa agogo, kenako kwa amayi aakulu. Dzuwa linali litakwera, utsi uli lendelende padambo, zitsekerero za pachingwe zikung'anima mu udzu wopsa. Ndinkayenda ngati ndili m'tulo, osamva minga, ndipo zinkakhala ngati wina wagwira nsonga ina ya chingwecho akundikoka pang'onopang'ono. Mizere itatu ija inkayandikana, inkayandikana, mpaka inakumana patsinde pa chulu chija chili ndi mkuyu, kumtunda kwa dimba lanu lakale.

Panalibe kanthu. Timiyala tochepa, mapale a mphika wakale, masamba ouma. Ndinaima pamenepo chingwe chili m'manja, ndikudabwa kuti azimayi atatu akuyang'ana chiyani pachulu. Ndiye ndinamva mawu kuchokera kumadimba: “Iwe Yotamu! Choka pamenepo msanga! Mwamuna saponda pamenepo!” Anali amayi aang'ono, mng'ono wanu aTisauke, atataya kheni yothirira, akubwera mothamanga ndi mwendo wawo wovuta uja. Anandikoka pa shati ngati kamwana mpaka pa njira. Anayang'ana chingwe, anayang'ana mizere yanga, anayang'ana fumbi la laimu pa nsapato zanga, ndipo anakhala pansi n'kutambasula miyendo.

Kenako anati, “Izi si za amuna. Ukumva chifukwa wanyamula hamala.” Anandiuza kuti mvula yoyamba mutakwatiwa, ine ndisanaganiziridwe n'komwe, munali ndi pathupi, ndipo tsiku litakwana mwana anabadwa osalira. Anali wamkazi, wa tsitsi lambiri. Mwana wotere, akuti, sachitiridwa maliro. Belu silimalira, nyimbo siimbidwa, dzina sapatsidwa, bambo ake sauzidwa pamene wagona. Azimayi okhaokha amamukulunga m'kansalu n'kukamuika mosazamitsa, ndipo mayi wake saloledwa kulira mokweza, akuti angatseke njira ya ana ena. Inu munatsala m'nyumba mutayang'ana kukhoma. Patapita miyezi, agogo anakutengani ngati mukukathyola ndiwo, anaima pa njira, n'kuloza chulu ndi mlomo. Iwonso anali ndi awiri pamenepo, amayi aakulu mmodzi.

Amayi aang'ono akuti agogo ndiwo anayamba. Atadwala matenda awo omaliza anakuitanani inu ana awo aakazi n'kunena kuti moyo wonse anadutsa pachulu paja ataweramitsa mutu, ndiye pogona pokha awagoneke moyang'ana kumeneko. Pamaliro, adzukulu asanayambe kukumba, mzimayi wachikulire wa pabanja amalemba pansi ndi ndodo pamene m'bale wake agone, ndipo amuna amangotsata. Za agogo munalemba ndinu. Za amayi aakulu munalembanso ndinu. Zanu analemba amayi aang'ono, monga munawapempha muli pa bedi ku kiliniki, ine ndili kuphiri ndikuthamangitsa timadontho. “Adzukulu amati manja athu akalamba,” anatero akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. “Timawasiya aziti choncho.”

Amayi, ndinalira pa njira pomwepo, kulira kwenikweni kwa mamina, bambo wa ndevu za imvi. Ndinakumbukira dimba lija. Linali lamchenga, silinkabereka kanthu koposa mpiru wofiira, ndipo chaka chilichonse ndinkakuuzani kuti mulisiye, mutenge la kumunsi kwa dothi lakuda. Munkangoti, “Pano mphepo yake imandikomera.” Ndinkaona kuti mukamapuma mumakhala nthawi zonse mutafulatira dimba, koma ndinkayesa mukuthawa dzuwa. Ndinakula nanu, ndinadya za m'manja mwanu, ndinaphunzira kuyeza zinthu zimene maso saona, koma sindinafunsepo kuti amayi anga akamakhala chete amayang'ana kuti.

Tisanasiyane amayi aang'ono anandigwira pa mkono n'kundilumbiritsa kuti ndisauze Zakeyo, kapena alamu, kapena abusa. Ndinawafunsa kuti nanga mng'ono wangayo ndikamuuza chiyani, poti ndinamunyoza pagulu. Anati, “Ukamuuze kuti unalakwa. Kapena kusukulu kwanu mawu amenewo sanakuphunzitseni?” Ndinakulunga chingwe, ndinafufuta mizere yanga yonse ndi nthambi, ndinatola chibenthu chija n'kuchiika m'thumba.

Lachitatu ndinabwereka njinga ya alamu n'kupita ku Zingalume. Njira yonse ndinkakonza mawu. Ndikanakhala ndi ufulu wofotokoza za mizere itatu, kupepesa kwanga kukanatuluka ndi ulemu wake, anthu akanati koma Yotamu ndi wanzeru, walakwa mwanzeru n'kuzindikiranso mwanzeru. Koma ndinalibe ufulu umenewo. Ndinayenera kupita manja ali zii, ngati munthu wamba amene wangolakwa basi, ndipo ndikuuzeni zoona, zimenezi zinkandiwawa kuposa chishalo cha njingayo.

Ndinamupeza akumata khitchini ya apongozi ake. Anandiona koma anapitiriza ntchito. Ndinatsamiritsa njinga, ndinavula chipewa, ndinanjuta pambali pa matope. Ndinati, “Mng'ono wanga, ndinayeza molakwa.” Mpeni wake womangira unaima. Anafunsa ngati tepi yanga ya kunja ija yawonongeka, ndinati tepi ili bwino, wowonongeka ndi woyeza. Anafunsanso kuti, “Ndiye mukuti n'chowongoka?” Ndinati chili pamene chiyenera kukhala. Anayamba kuseka, anaitana mkazi wake, anaitana alamu ake, kuti adzaone munthu woyeza nyenyezi amene walephera kuyeza manda a amake. Ndinawalola aseke mpaka atatopa.

Atatha ndinatulutsa chibenthu chija n'kuchiika patsogolo pake. Kuseka kunathera pomwepo. Anachitola, anachitembenuza, anachipukuta ndi chala. Anafunsa kuti ndinamenya kangati, ndinati kamodzi. Anafunsa ngodya yake, ndinamuuza. Ndinaganiza kuti basi, mng'ono wanga ndamutaya, Loweruka tidzaima atatu pamene payenera kuima anayi. Anatsuka mpeni wake m'ndowa, pang'onopang'ono, mbali zonse ziwiri. Kenako anati, “Simenti mukakanda ndinu. Ndipo mukakanda mmene ndikuuzireni ine.”

Dzulo tinakonza. Ndinakanda katatu, kawiri konse anandibweza, koyamba akuti yalimba, kachiwiri akuti ndaphika phala. Pamene iye ankamata, ine ndinakhala kumutu kwanu n'kumawerenga zimene analemba ndi msomali simenti ili yaiwisi: dzina lanu, vesi lanu lija, ndi mawu akuti munasiya ana anayi. Ndinawerenga mobwerezabwereza. Zakeyo sanalakwitse, munasiyadi anayi. Chigamba chikuoneka, n'chakuda pang'ono kuposa pena ponse, ndipo wakana kuchipaka laimu. Akuti chikhale choncho kuti akulu azikumbukira.

Nkhani yafalikira kale. Kuchitsime akuikamba, ku golosale akuikamba, ndipo m'mawa uno bambo wina wodutsa ndi ngolo anaima n'kundifunsa ngati ndingakamuyezere khola la nkhumba, akuti akufuna lokhota bwino. Ndinaseka nawo. Amayi a chigwirizano cha ku mpingo afika kale, akuyeserera nyimbo zanu pansi pa mango, ena akusinja, ena akutsuka migolo ya thobwa. Zakeyo akukhoma chisakasa cha alendo, ndipo akandiitana kuti ndimugwirire mtengo amati ndibwere ndi maso okha, tepi ndisiye.

Masana ano amayi aang'ono anabwera pakhonde pano, anakhala pamphasa n'kumasenda nshawa ngati alibe nkhani. Atayang'ana uku ndi uku anati, “Wanga ali kumanzere kwa chulu, pafupi ndi mwala wosongoka.” Anati mwa amene ankadziwa atsala okha, ndipo Misozi sangamuuze, chifukwa nkhani imeneyi amauzidwa amene yamugwera, ndipo iwo amapemphera usana ndi usiku kuti Misozi asadzaimve. “Ndikadzagona ine, adzalemba pansi ndani? Iwe ndiwe mwini mbumba, adzukulu adzakumvera. Ndipo palibe adzadabwe, mudzi wonse ukudziwa kale kuti suyeza bwino.” Anaseka, inenso ndinaseka, kenako tonse tinasiya. Ndinavomera.

Ndiye mverani lonjezo langa, amayi. Chiliza chanu sindichiwongola, ndipo ine ndili moyo palibe adzachikhudze. Tsiku la amayi aang'ono likadzafika, lichedwe ndithu, sindidzafikanso anthu atabalalika. Ndikadzangomva kuti agona pa bedi ndidzasiya galasi ndi timadontho take, ndidzakwera chilichonse choyenda, ndipo ndidzaima kumanda adzukulu asanagwire makasu. Ndidzalemba pansi mokhota, anthu akuseka, ndipo sindidzafotokoza.

Mundiperekere moni kwa agogo ndi kwa amayi aakulu. Koma makamaka kwa achemwali anga. Sindikudziwa ngati kumeneko anakula kapena mukadawabereka kumbuyo, sindikudziwanso dzina limene munkawatchula mumtima zaka zonse zija. Muwauze kuti mlongo wawo anaponda pakhomo pawo mosadziwa, ndipo akupepesa. Muwauzenso kuti ukulu umene ndakhala ndikuopsezera nawo anthu ndi wawo, ine ndinangowasungira.

Ndimakukondani, amayi. Gonani mmene mwagoneramo.

Ine mwana wanu wachiwiri,
Yotamu